Mayi Akachoka, Mwana Asasiye Mkaka wa M'mawere

M'magulu athu a achinyamata muli atsikana amene ali ndi ana akhanda. Ena amapita kumsika kukagulitsa tomato, ena kuganyu, ena kumaphunziro. Ife alangizi a zaumoyo tikamayendera mabanja timapeza mwana wa miyezi iwiri akumwetsedwa phala lamadzimadzi ndi agogo ake. Tikafunsa, yankho limakhala limodzi: "Mayi wake wachoka, nanga mwana agone ndi njala?"

Agogowo sakulakwa kuda nkhawa. Koma pali njira ina yosalira ndalama: mayi afinye mkaka wake ndi manja asanachoke.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ndi yofunika?

Mwana amafunika kuyamwa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyambirira. Izi zikutanthauza mkaka wa m'mawere wokha, popanda madzi, phala kapena tiyi. Matumbo a khanda ndi anthete. Zakudya zina zimabweretsa kutsegula m'mimba, ndipo ngati mayi ali ndi kachilombo ka HIV, kusakaniza kotereku kumachulukitsa mpata woti mwana atenge kachilomboka, makamaka ngati mayi sakumwa mankhwala mwandondomeko.

Kuyambira m'chaka cha 2011, kuno ku Malawi mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV amayamba ma ARV ndipo amamwa moyo wake wonse. Mayi akamamwa mankhwalawa tsiku lililonse, mpata wopatsira mwana umachepa kwambiri. Choncho kukhala ndi kachilombo si chifukwa choletsera mwana bere.

Kufinya kumathandizanso mawere akadzaza mpaka kuuma ndi kupweteka, komanso mwana akabadwa masiku osakwana kapena akadwala moti sangathe kuyamwa.

Kafinyidwe kake

Choyamba sambani m'manja ndi sopo. Tengani kapu yakukamwa kwakukulu yokhala ndi chivundikiro, itsukeni ndi sopo, thiranimo madzi owira, dikirani pang'ono ndi kuwataya.

Khalani pansi momasuka. Ikani kansalu kofunda pabere ndi kulisisita pang'onopang'ono. Kukhala pafupi ndi mwana kapena kumuganizira kumathandiza kuti mkaka utsike.

Ikani chala chachikulu pamwamba, m'malire a mbali yakuda ya bere, ndipo chala cholozera chikhale pansi moyang'anana nacho. Kankhirani zalazo chakuchifuwa, kenako panikizani ndi kusiya, panikizani ndi kusiya. Musafinye nsonga ya bere ndipo musakoke khungu. Mkaka ukayamba kuchepa, sunthani zala mozungulira bere. Pakatha mphindi 3 mpaka 5 sinthani bere, kenako bwereraninso. Ntchito yonse imatenga mphindi 20 mpaka 30.

Poyamba umatuluka madontho okha. Musataye mtima, manja amazolowera. Ngati mukumva kuwawa, ndiye kuti zala zili pamalo olakwika.

Kusunga ndi kumwetsa

Vundikirani kapu ndi kuiika pamalo ozizira bwino m'nyumba. Mkakawu umwedwe pasanathe maola 4. Mufiriji yosazimazima umatha kukhala masiku 4. Ukakhala, mafuta amayandama pamwamba. Sikuti wawonongeka, ingougwedezani pang'ono. Pofuna kuufunditsa, ikani kapuyo m'mbale ya madzi ofunda.

Womwetsa asambe m'manja, amukhazike mwana chotsamira pamiyendo, agunditse kakapu pamlomo wam'munsi kuti mwana azimwa yekha. Osamuthira mkamwa. Botolo la nkhumbu limavuta kutsuka ndipo limasunga tizilombo.

Mayi akakhala kutali tsiku lonse, afinyenso kumeneko kuti mawere asaume ndiponso mkaka usachepe. Akabwerera ayamwitse nthawi yomweyo. Ena amati mkaka umasasa m'bere mayi akayenda ulendo. Sizoona, mkaka wa m'bere susasa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Bere likatupa, kufiira ndi kutentha, nsonga ikang'ambika n'kumatuluka magazi, kapena mayi akamva malungo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa mayi amene ali ndi HIV, zilonda ndi zotupa zotere zimawonjezera chiopsezo kwa mwana. Ayamwitse bere labwinolo, lodwalalo azilifinya ndi kutaya mkakawo kufikira a chipatala atamuwona. Asaiwalenso kupita ndi mwana kusikelo ndi kukamuyezetsa magazi pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24.

Udindo wa gulu lathu

Anyamata, nkhaniyi si ya atsikana okha. Bambo wa mwana angathe kuwiritsa madzi, kutsuka kapu ndi kumwetsa mwana mayi akachoka. Angathenso kufotokozera agogo mwaulemu chifukwa chake phala liyenera kudikira miyezi 6, pakuti mtsikana wongobereka kumene zimamuvuta kutsutsa apongozi ali yekha.

Pamsonkhano wanu wotsatira itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino kuti adzakuwonetseni kagwiridwe ka zala. Muitanenso agogo amene amatsala ndi ana, chifukwa kapu ija imakhala m'manja mwawo.