Ntchito za Anthu Odzipereka m'Bungwe la Citizens Advice

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Koma kufunsa kumafuna kuti pakhale wofunsidwa, ndipo wofunsidwayo akhale wodziwa chimene akuyankha. Kumudzi munthu akathedwa nzeru amapita kwa ankhoswe, kwa anyakwawa kapena kwa akulu a mpingo. Nanga mumzinda waukulu, munthu akalandira kalata ya boma yolembedwa m'mawu ovuta, kapena mwini nyumba akamuuza kuti asamuke, amalowera kuti? Nkhani ya lero ikufotokoza za bungwe limene anthu a ku Britain adakhazikitsa poyankha funso limeneli, lotchedwa Citizens Advice, makamaka ntchito zimene anthu odzipereka amagwira m'bungwemo popanda malipiro.

Bungweli lidabadwa ndi nkhondo. Dziko la Britain lidalowa m'Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse pa 3 Sepitembala 1939, ndipo tsiku lotsatira maofesi a uphungu okwana 200 adatsegulidwa. Mafunso amene ankabwera anali a nthawi ya nkhondo. Wina wataya kabuku kogulira chakudya chimene boma linkagawa moyeza, wina nyumba yake yagumuka ndi bomba, wina akufuna m'bale wake amene wasowa, mayi wina walowa m'ngongole chifukwa bambo wa pakhomo apita ku usilikali. Pofika chaka cha 1942 maofesiwa adakwana 1,074. Ena anali m'nyumba za anthu, ena m'maholo a matchalitchi, ndipo galimoto ina yonyamulira akavalo idasandutsidwa ofesi yoyendera malo ophulitsidwa. Ambiri mwa amene ankayankha mafunsowo anali anthu wamba osalipidwa.

Nkhondo itatha boma lidaleka kupereka ndalama, ndipo maofesi ambiri adatsekedwa. Komabe mavuto a anthu sadathe limodzi ndi nkhondo, kotero kuti patapita zaka boma lidayambanso kuthandiza. Lero ku England ndi ku Wales kuli mabungwe ang'onoang'ono a Citizens Advice oposa 200. Lililonse ndi loima palokha, lili ndi komiti yake ndipo limadzifunira ndalama zake, koma onse ndi mamembala a likulu limodzi. Ku Scotland kuli likulu lakenso. Onsewa amatsata mfundo zinayi: uphungu ndi waulere, ndi wachinsinsi, ndi wosakondera, ndiponso suyendera zofuna za boma kapena za amene amapereka ndalama.

Anthu ambiri akamva za nyumba ya uphungu amaganiza za mlangizi yekha. Koma mutu umodzi susenza denga. Kuti munthu mmodzi athandizidwe bwino, nkhani yake imadutsa m'manja mwa anthu angapo.

Woyamba ndiye wolandira alendo. Ntchito yake imaoneka yaing'ono, koma ndiyo imachititsa kuti mlendo akhale pansi kapena abwerere pakhomo. Munthu wa ngongole amafika ndi manyazi, ndipo ena amabwera ndi thumba lodzaza ndi makalata amene akhala akuopa kutsegula kwa miyezi. Wolandira alendo amampatsa mpando, amamufotokozera mmene zinthu zimayendera, ndipo samufunsa za vuto lake pamaso pa anthu ena. Amaonanso ngati mlendoyo akufuna womasulira chilankhulo.

Wachiwiri ndiye wofunsa mafunso oyamba, pamaso kapena pa telefoni. M'mphindi zochepa ayenera kuzindikira kuti vuto lenileni ndi liti, ndiponso ngati ndi lofulumira. Nkhani zambiri za malamulo zili ndi masiku ake. Mwachitsanzo, munthu amene sadakhutire ndi chigamulo cha boma pa ndalama zothandizira osowa kapena olumala amapatsidwa kawirikawiri mwezi umodzi kuti apemphe kuti nkhani yake iunikidwenso. Wofunsayo akapanda kuyang'ana tsiku limene lalembedwa pa kalata, munthu angataye mwayi wake pamene akudikira kuonana ndi mlangizi.

Wachitatu ndiye mlangizi. Sikofunika kuti akhale loya. Ena ndi aphunzitsi kapena anamwino opuma pantchito, ena ndi ophunzira a pa yunivesite, ena ndi amayi amene ana awo akula. Asanayambe amaphunzitsidwa kwa miyezi ingapo, amakhala pambali kuonerera alangizi akale, ndipo kenaka amayamba pang'onopang'ono akuyang'aniridwa. Mlangizi saloledwa kuyankha za m'mutu mwake. Likulu limasunga pa kompyuta mafotokozedwe a malamulo amene amakonzedwa lamulo likasintha, ndipo iye amawerenga pamenepo asanayankhe. Pa nthawi yonse ya uphungu pamakhala woyang'anira amene amafunsidwa nkhani ikavuta, ndipo zimene mlangizi walemba pa nkhani iliyonse zimasungidwa kuti ziwerengedwenso.

Phindu la maphunzirowa limaoneka bwino pa nkhani ya ngongole. Munthu wa ngongole zambiri amathamangira kulipira amene akumuopseza kwambiri. Mlangizi amamuthandiza kuika ngongolezo m'magulu awiri. Zoyamba ndi zimene zingamutayitse nyumba, kumuzimitsira magetsi kapena kumubweretsera akhoti pakhomo, monga lendi, msonkho wa khonsolo ndi mabilu a magetsi ndi gasi. Zachiwiri ndi zonga ngongole za kubanki zopanda chikole, zimene zingathe kudikira pamene makalata opempha kulipira pang'onopang'ono akulembedwa. Munthu wa mtima wabwino koma wosaphunzitsidwa angathe kusokoneza magulu awiriwa, ndipo mapeto ake banja n'kugona panja. Nchifukwa chake mlangizi wabwino amadziwa polekezera nzeru zake. Nkhani ikapitirira pamenepo, monga milandu yovuta ya zitupa zokhalira m'dziko, amaitumiza kwa akatswiri ovomerezeka.

Mlangizi sapangira munthu chiganizo. Amayala njira zonse zimene zilipo, nafotokoza zotsatira za njira iliyonse, koma mwini nkhani ndiye amasankha. Ndipo zonse zimene wamva zimatsala m'chipindamo. Ngakhale mwamuna atabwera kudzafunsa ngati mkazi wake adafika pa ofesipo, sauzidwa kanthu. Chinsinsichi chimaswedwa pa zifukwa zochepa zokha, monga pamene moyo wa munthu uli pangozi.

Kumbuyo kwa alangizi kuli odzipereka ena amene alendo sawaona kawirikawiri. Alipo makalaliki osunga mapepala ndi kukonza nthawi ya maulendo a alendo. Alipo othandiza kulemba mafomu, ena mwa mafomuwo ali a masamba makumi angapo. Alipo ophunzitsa anthu kugwiritsa ntchito intaneti, popeza thandizo lalikulu la boma lotchedwa Universal Credit limapemphedwa makamaka pa intaneti, ndipo ambiri mwa osowa alibe kompyuta kapena sadaizolowere. Aliponso ofalitsa mbiri ya bungwe ndi ofunafuna ndalama.

Gulu lina lofunika ndi la ofufuza. Bungweli lili ndi zolinga ziwiri: kuthandiza munthu amene wabwera, ndi kukonza chimene chamubweretsa. Alangizi akaona kuti vuto limodzi likubwera mobwerezabwereza, ofufuza amasonkhanitsa umboniwo popanda kutchula maina, nautumiza ku likulu, ndipo likulu limaupereka kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi kwa oyang'anira malonda. Chitsanzo chake ndi cha makampani obwereketsa ndalama za masiku ochepa pa chiwongoladzanja chofanana ndi cha katapila. Citizens Advice idali m'gulu la mabungwe amene adaonetsa umboni wa anthu ovutika ndi ngongole zotere. Mu Januwale 2015 bungwe loyang'anira zachuma la Financial Conduct Authority lidaika malire, ndipo chiyambire pamenepo wobwereka ngongole ya mtundu umenewu salipira chiwongoladzanja ndi zilango zoposa ndalama zimene adabwereka. Makalata a anthu osauka, atawerengedwa pamodzi, adathandiza kusintha lamulo.

Otsiriza ndi a komiti yoyendetsa bungwe: wapampando, msungichuma ndi anzawo. Nawonso salipidwa, koma lamulo limawapatsa udindo woona kuti ndalama zikugwiritsidwa ntchito moyenera ndiponso kuti bungwe silikupatuka pa zolinga zake. Ndiwo amalemba ntchito mkulu wa ofesi, ndipo ndalama zikachepa ndiwo amasankha ntchito imene iyenera kupitirira.

Kodi odziperekawa amapindulanji? Ambiri amapereka tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndipo amangobwezeredwa ndalama zoyendera. Achinyamata amapezapo luso limene limawathandiza pofuna ntchito yolipidwa. Opuma pantchito amapezapo anzawo ndi pogwiritsira ntchito nzeru zimene adakundika. Enanso ndi anthu amene kale adalowa pa khomo lomwelo atanyamula makalata awo, ndipo atathandizidwa adabwerera kudzathandiza anzawo.

Omvera amene ali ndi abale ku Britain achita bwino kuwadziwitsa kuti khomo limeneli ndi lotseguka kwa aliyense wokhala m'dzikomo, kaya adabadwira komweko kaya ndi wobwera. Ndipo amene ali m'makomiti a m'midzi, a m'mipingo ndi a m'magulu othandizana angatolepo phunziro ili: mtima wofuna kuthandiza ndi chiyambi chabe. Pafunikanso kugawana ntchito, kuphunzira musanalangize, kusunga pakamwa, ndi kudziwa nthawi yotumiza munthu kwa wodziwa zambiri.