Mlandu wa Mkulu wa ku Taba

Inu a ku migodi mudziwa kuti mwala ukagwera munthu pansi, woyamba kufunsidwa ndiye kapitao. Mlandu uwu uli wotero.

Jean-Paul Akayesu, amene kale anali mphunzitsi, anaikidwa mu 1993 kukhala mkulu wa boma ku Taba, m'dziko la Rwanda. Apolisi a kumeneko anali m'manja mwace. Mu April 1994, pakuyamba kuphedwa Atutsi kuti mtundu wao uthe psiti, iye anayesa kuletsa; koma atabwera ku msonkhano wa akulu a boma ku Gitarama pa 18 April, anatembenuka. Akazi Acitutsi othawira ku ofesi yace anagwiriridwa pomwepo, mwini wace alikuona ndi kulimbikitsa, ndipo ambiri anaphedwa.

Anamgwira kuno kwathu, ku Lusaka, mu October 1995. Pa bwalo la United Nations ku Arusha anati analibe mphamvu yoletsa akupha aja, a Interahamwe. Oweruza sanabvomereze, pakuti anthu a ku Taba anali kumvera mau ace. Pa 2 September 1998 anampeza wolakwa pa mlandu wofuna kupulula mtundu wa anthu, woyamba kutsutsidwa cotero ndi bwalo la maiko onse. Cilango cace: ndende moyo wace wonse.