CHIFUNDO CHOPANDA CHIPHAMASO

Makolo athu adatisiyira mwambi wakuti chifundo chidapha nkhwali. Mwambiwu uli kutichenjeza kuti wochitira mnzake chifundo amatha kugwa nacho m'mavuto. Ife akristu sitikana zimenezi. Chimene tikana ndicho kuthawira ku chifundo chachiphamaso, chija chokoma pakamwa koma chosatitayitsa kanthu.

Munthu woona mtima ndiye amene zochita zake zimagwirizana ndi za mumtima mwake. M'buku la Ntchito za Apostoli, mutu 5, timamva za Ananiya ndi Safira amene adagulitsa munda wao, nabisako ndalama zina, nanamizira kuti apereka zonse. Petro Woyera sadawadzudzule chifukwa cha kuchepa kwa mphatso, pakuti munda ndi ndalama zomwe zinali zao; adawadzudzula chifukwa cha kunamiza Mzimu Woyera. Tsono mu Mthenga Wabwino wa Marko, mutu 1, tiona Ambuye Yesu akumana ndi munthu wakhate. Akadatha kumchiritsa ali patali, koma adatambalitsa dzanja namkhudza, ngakhale kuti Malamulo a Mose ankayesa munthu wotere wodetsedwa. Chifundo choona chimasendera pafupi.

Wansembe wina adatsata phazi la Ambuye pa zimenezi, ndiye Bambo Damien De Veuster. Adabadwira ku Tremelo m'dziko la Belgium mu 1840, nalowa chipani cha Mitima Yoyera ya Yesu ndi Maria. Mkulu wao atadwala, iwo adapita m'malo mwake ku zilumba za Hawaii, kumene adadzozedwa unsembe mu 1864. Chaka chotsatira boma la kumeneko lidaika lamulo lopatula odwala khate, ndipo kuyambira mu 1866 ankawatengera ku Kalawao, pa chilumba cha Molokai, malo otsekedwa ndi nyanja ndi maphompho.

Mu 1873 Ambuye Episkopi Louis Maigret adafunsa ansembe odzipereka kuti azipita kumeneko mosinthana. Bambo Damien adafika pa 10 Meyi, napempha kukhaliratu. Sadangolalika ai: ankatsuka ndi kumanga zilonda, ankamanga nyumba, ankakhoma mabokosi a maliro, ankakumba manda, ndipo ankadya m'mbale imodzi ndi odwalawo. Anali munthu waliuma ndi wosachedwa kupsa mtima, ndipo sankabisa kufooka kwaoko. Tsiku lina, ataletsedwa kukwera m'sitima imene munali mkulu wa chipani chao, adaulula machimo ao mokweza mau ali m'bwato, posafuna kukhala osalandira sakramenti la kulapa.

Kumapeto kwa 1884 adaponda m'madzi otentha osamva kupweteka, ndipo apo adazindikira kuti khate lawagwira. Adapitirizabe ntchito mpaka kumwalira pa 15 Epulo 1889, ali ndi zaka 49. Papa Benedict XVI adawalemba m'gulu la Oyera pa 11 Okutobala 2009. Chifundo chidawaphadi, koma anthu amene dziko lidawataya adadziwa kuti Mulungu sadawataye.

Masiku ano khate lili ndi mankhwala ochiritsa, ndipo palibenso chifukwa chopatulira wodwala. Komabe m'midzi ndi m'miphakati mwathu muli ena amene tidawapatula popanda lamulo: agogo amene tiwanamizira ufiti, mai wamasiye amene adalandidwa chuma, wodwala wamgonagona amene tidatopa kumzonda. Kangati timasonkhana unyinji pa maliro, kulembetsa maina pa chipepeso kuti atiwerenge pagulu, pamene mwiniwakeyo ali moyo panalibe wokamtungira madzi? Chimenecho ndicho chiphamaso cha Ananiya ndi Safira.

Inu makolo, ana amaphunzira chifundo pakuona kumene mbale ya nsima ikupita, osati pakumva mau okha. Inu akatekisti, poyendera odwala lowani m'nyumba, khalani pamphasa, gwirani dzanja lao, ndipo musalonjeze chimene simudzachita. Tonsefe tidzifunse tisanalandire Ukaristia: kodi chabwino chimene tachita sabata lino, tikadachichita pakadapanda wotiona?

Tipemphe Damien Woyera, amene Eklezia amawakumbukira pa 10 Meyi, kuti atipempherere kwa Ambuye, atipatse mtima umodzi, womwewo pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Amen.