Ola la m'mwamba pakati pa Harare ndi Lilongwe

Mabanja ambiri a ku Ingezi mu mzinda wa Kadoma, komanso a ku Chegutu, amene makolo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi monga wa Cam and Motor ndi m'fakitale ya nsalu ya David Whitehead, amaganizira za ndege makamaka uthenga wa matenda kapena wa maliro ukafika kuchokera kumudzi, ndipo funso lawo loyamba limakhala la nthawi imene ulendowo ungatenge.

Mtunda wowongoka kuchokera pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe ku Harare kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe, ndi makilomita pafupifupi 540. Ndege ya mtundu wa Boeing 737, imene ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ikanatha mtundawu m'mphindi 40 zokha, koma nthawi yolembedwa pa tikiti imapitirira ola limodzi, ndipo kusiyanaku si chinyengo ayi. Makampani amawerenga nthawi kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo poimikapo mpaka pamene yaima pa bwalo linalo, kotero kuti kuyenda pang'onopang'ono kupita ku msewu wonyamukira, kudikira chilolezo cha oyang'anira za m'mlengalenga, kukwera ndi kutsika, zonsezi zimalowa m'chiwerengerocho. Pa ulendo waufupi chotere ndege imangofika pamwamba n'kuyamba kukonzekera kutsika, n'chifukwa chake ya mapulopela ngati Q400, yothamanga makilomita pafupifupi 660 pa ola, imachedwa ndi mphindi zowerengeka chabe poyerekeza ndi Boeing. Mphepo nayonso imasintha nthawi, chifukwa ndege imayenda m'mpweya umene nawonso ukuyenda: yoomba kuchokera kumbuyo imafulumizitsa ulendo, yochokera kutsogolo imauchedwetsa, ndipo m'dzinja woyendetsa amalambalala mitambo ya mabingu ngakhale njira italike.

Chimene chimatalikitsa ulendowu kwambiri, komanso chimene wogula tikiti ayenera kufunsa asanapereke ndalama, ndi malo oima panjira. Ndege yodzera ku Lusaka imayenda makilomita pafupifupi 1,000, pamene wolumikiza ulendo ku Johannesburg amayamba wapita kumwera makilomita pafupifupi 960 kenako n'kubwerera kumpoto makilomita pafupifupi 1,490, osawerengera maola okhala pa bwalo la OR Tambo kudikira ndege yachiwiri. Tikiti yooneka yotsika mtengo ikhoza kudya tsiku lathunthu, ndipo ndi zomvetsa chisoni kuti munthu wothamangira mwambo woika m'manda kholo lake adziwire zimenezi ali kale pa bwalo. Mwamwayi Zimbabwe, Zambia, South Africa ndi Malawi ali pa nthawi imodzi, choncho maola a pa tikiti safuna kusinthidwa, kusiyana ndi wodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa kumene wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi.

Kwa wochokera ku Ingezi, mbali yaikulu ya ulendo ili pansi. Kadoma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare, ulendo wa maola awiri kapena kuposa pa basi yodzera ku Chegutu ndi ku Norton, ndipo wokwera ndege yopita kunja kwa dziko amayenera kufika pa bwalo kutatsala maola awiri kapena atatu kuti aonetse pasipoti ndi kupereka katundu. Akatera ku Lumbadzi, wa ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi amakhalabe ndi msewu wa maola ena, pamene wa ku Mulanje kapena ku Thyolo angachite bwino kufunafuna tikiti yotera ku Chileka, bwalo limene lili makilomita pafupifupi 480 kuchokera ku Harare.