Nyanja ikumaliza linga la Arkona

Galimoto za alendo zimathera pamudzi wa Putgarten. Kuchoka apo munthu amayenda wapansi pafupifupi makilomita awiri, kapena kukwera kasitima ka matayala, mpaka ku Kap Arkona, kumpoto kwa chilumba cha Rügen m'dziko la Germany. Ambiri amathamangira kukajambula nsanja zounikira zombo. Chimtumbira chomera udzu chomwe chili chapompo amangochiyesa kaphiri wamba, chikhalirecho ndi khoma la linga la Jaromarsburg, lomwe anaunjika ndi manja anthu a mtundu wa Rani, nthambi ya Asilavo.

Malowa anasankha ndi nzeru. Mbali zinazo kuli phompho la miyala ya choko lotsikira m'nyanja ya Baltic, choncho a Rani anangotseka kumtunda kokha ndi dothi ndi mitengo. M'katimo munali kachisi wa Svantevit, mulungu wa mitu inayi.

Zambiri za kachisiyu analemba ndi Saxo Grammaticus wa ku Denmark. Akuti wansembe yekha ndiye ankalowamo, ndipo posesa sankapuma. Mpweya ukamuthera ankathamangira pakhomo, kuopa kudetsa mulunguyo. Akatha kukolola, wansembeyo ankasuzumira m'nyanga ya chakumwa yomwe fano la mulunguyo linkagwira, ndipo akapeza chaphwa ankachenjeza anthu kuti asunge chakudya. Za nkhondo ankaombeza ndi kavalo woyera. Ankamudumphitsa mikondo yopingasa, ndipo akatsogoza mwendo wamanja, ankhondo ankanyamuka. Komabe nkhanizi n'zofunika kuzimva ndi khutu lochenjera, pakuti Saxo anali mlembi wa Bishopu Absalon, mmodzi mwa amene anagwetsa lingali.

Mu 1168 Mfumu Valdemar I ya Denmark ndi Absalon anazinga Arkona. Moto utagwira khoma, a Rani anagonja n'kuvomera ubatizo. Fano lija analigwetsa ndi nkhwangwa, kulikoka ndi zingwe, kenako n'kuliwaza nkhuni zophikira chakudya cha asilikali.

Zomwe adani anasiya, nyanja ikutenga pang'onopang'ono. Gawo lalikulu la bwalo la lingali linagumukira kale m'madzi, ndipo akatswiri ofukula zakale akhala akukumba mothamanga kuti apulumutse zotsala dothi lisanapite. Kugumukaku si nkhambakamwa: mu Disembala 2011 phompho linagumukira mtsikana wa zaka 10 yemwe ankayenda m'mphepete mwa nyanja, ndipo anamwalira.

Mukadzafikako, khomalo mukalionere pansanja ya Peilturm, yomwe inamangidwa mu 1927 pafupi nalo. Mukaona chikwangwani choletsa, musadumphe mpanda.