Zitini ziwiri ndi chingwe: masewero osayenera kunyozedwa

Mumzinda wa Mzuzu chitini sichitayidwa msanga. Mkaka ukatha, chimasanduka chosungiramo mchere kapena chodzalamo maluwa, ndipo chikakanika zonsezi ana amachitola. Ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo, komwe ndimakacheza kwa abale sukulu zikatsekera, mumapeza ana atakwera pa zitini ziwiri, zingwe zili m'manja, akuyenda kwakwata kwakwata ngati atalika usiku umodzi. Makolo ambiri amawakalipira kuti akusokosa komanso akudzaza zinyalala pakhomo. Ine ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ya sekondale yoyendera kumudzi, ndipo ndikuti ana amenewa asiyeni, koma muwathandize kupanga bwino.

Kapangidwe kake nkosavuta. Pamafunika zitini ziwiri zofanana msinkhu, monga zija za mkaka wa ufa wa Nido. Mumazivundikira kuti kukamwa kuyang'ane pansi, kenako ndi msomali mumaboola mabowo awiri oyang'anizana m'mbali, chakumtunda komwe phazi liponde. Chingwe chimalowa bowo lina nkutulukira linalo, ndipo mfundo imabisidwa mkati. Kutalika kwa chingwe muyezere pa mwanayo: ataimirira chilili pa chitini, chifike m'manja popanda kuwerama. Chikafupika amayenda chowerama, ndipo kugwa chafufumimba sikuchedwa.

Tsono taonani zimene mwanayo amazindikira yekha. Akaponda pamatope, ndipo matope ku Mzuzu sasowa ndi mvula yake ija, chitini chimatitimira kuposa phazi lake. Chifukwa chake nchakuti kulemera kwa thupi lonse kwatsamira pa mkombero wopyapyala wa chitinicho. Imeneyi ndiyo pressure imene ophunzira anga a Fomu 3 amavutika nayo ndikailemba pabolodi. Amaphunziranso kuti chitini chachifupi chotakata sichigwetsa munthu ngati chachitali chowonda, ndiponso kuti chitini chosaphwanyika chimanyamula munthu bwinobwino, koma chikangobonyoka pang'ono m'mbali chimafwamphuka nthawi yomweyo. Sadziwa mayina a zinthuzi, koma miyendo yake yadziwa kale. Akadzafika kusekondale, ntchito yanga imangokhala kumuuza dzina la chinthu chimene anachiona ali ndi zaka 7.

Kukoleji anatiphunzitsa TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Ambirife timaikumbukira pokhapokha oyendera sukulu akamabwera. Koma ana, amene mawuwa sanawamvepo, amaichita tsiku lililonse: galimoto zamawaya, mpira wachikulunga, ndi zitini zathuzi. Kuyenda pamwamba sikwachilendonso kuno kwathu. Amene anaonerapo Gule Wamkulu m'chigawo chapakati akudziwa Makanja, chilombo chachitali chija chimene chimayang'ana anthu onse pamutu, ndipo guleyu bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Sindikufanizira mwambo ndi masewero a ana ayi, ndikungoti chidwi chofuna kutalika tili nacho kuyambira kale.

Pamene ndimagwirizana ndi makolo odandaula ndi pa nkhani ya ngozi, ndipo apa mpofunika wamkulu akhalepo. Mwana akasiyidwa yekha amatola chitini chilichonse kudzala, chadzimbiri kapena chakuthwa kukamwa. Bala la chitini chimene chagona m'dothi likhoza kulowetsa kafumbata, matenda amene amapha. Ngati mwana wachekeka kwambiri, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo nkupita naye kuchipatala, osamangothira mchere kapena dothi. Zitini zimene munali penti, oyilo wa galimoto kapena mankhwala ophera tizilombo m'munda zisagwiritsidwe ntchito ngakhale mutazitsuka motani. Zigubu zapulasitiki za mafuta ophikira nazo sizithandiza, zimapindika komanso zimaterera.

Kuboola mabowo ichite ndi inu bambo kapena mayi, ndipo mano akuthwa otsala pabowo muwaphwanye ndi hamala kuti asadule chingwe kapena chala. Mwana avale nsapato zogwira phazi, osati patapata. Poyamba mumugwire dzanja pabwalo losalala la udzu kapena mchenga. Mzuzu ndi wa zitunda, choncho muwaletse kutsetsereka nazo, kuyandikira ngalande, kapena kupita nazo kumsewu wa M1 komwe njinga zamoto za kabaza zimathamanga.