Kusamutsa nambala ya eSIM kuchoka m'foni yakale kupita m'yatsopano

Simukhadi imene anthu anaizolowera ndi kakhadi kamene mwini foni amatha kukachotsa m'foni ina n'kukalowetsa mu ina, nambala n'kusamukira pomwepo popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ufulu umenewu umachepa munthu akayamba kugwiritsa ntchito eSIM, yomwe makampani a TNM ndi Airtel amapereka m'dziko muno, ndipo mu Lilongwe imapezeka kwambiri m'mafoni odula a iPhone, Samsung Galaxy ndi Google Pixel, amene amaoneka m'maofesi a ku City Centre ndi m'nyumba za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43.

Chimene chimatchedwa eSIM ndi kachipangizo kakang'ono komwe kamamatiridwa m'kati mwa foni ku fakitale, kotero kuti sikachotsedwa. Bungwe la GSMA, lomwe limagwirizanitsa makampani a mafoni padziko lonse, linakhazikitsa ndondomeko yake m'chaka cha 2016, ndipo kampani ya Apple inayamba kukaika m'mafoni ake mu 2018. Kachipangizoka kamafika kali kopanda nambala, ndipo kamayamba kugwira ntchito kakalandira kudzera pa intaneti chimene akatswiri amachitcha profile, kutanthauza chizindikiro cha kasitomala pamodzi ndi kiyi wachinsinsi zimene netiweki imamudziwira nazo. Nambala yoyamba ndi 088 kapena 099 yeniyeniyo imasungidwa m'makompyuta a kampani, ndipo imalumikizidwa ku profile imodzi yokha pa nthawi imodzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kiyi uja anapangidwa dala kuti asamakopereke, chifukwa zikanatheka, mbava ikanamatha kukhala ndi nambala ya munthu wina m'foni mwake mwiniwake osadziwa. Choncho kusamutsa eSIM kumatanthauza kuti kampani ikuzimitsa profile ya m'foni yakale n'kutumiza ina ku yatsopano, ndipo njira yodziwika ndi ya QR code, kachithunzi ka timadontho takuda kamene kamera ya foni imawerenga kuti idziwe kompyuta yokatengako profileyo. Foni yatsopanoyo imayenera kukhala pa Wi-Fi pa nthawiyi popeza ilibe netiweki yakeyake, ndipo kawirikawiri kachithunzi kakagwira ntchito kamodzi sikagwiranso, kotero amene anakasunga poganiza kuti kadzawathandiza mtsogolo amapezeka akufunika katsopano. Mafoni a iPhone kuyambira pa iOS 16 ya mu 2022 amatha kupatsirana nambala akayandikizana, monganso ena a Android, koma zimenezi zimatheka pokhapokha kampani ya netiweki itavomereza njirayo.

Chifukwa chakuti kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA limafuna kuti nambala iliyonse ikhale yolembetsedwa m'dzina la mwini wake, wofuna profile yatsopano amapita ku ofesi ya kampani ndi chiphaso chake cha unzika. Ena amaona ngati n'kutaya nthawi, komatu pa nambala pamadalira Airtel Money kapena Mpamba, WhatsApp, ndi manambala achinsinsi amene banki imatumiza munthu akamalipira zinthu, ndiye kampani yosamutsa nambala mosafufuza ingakhale ikutsegulira akuba chitseko. Vuto limagwera amene nambala yawo inalembetsedwa m'dzina la mbale kapena la kuntchito, chifukwa ayenera kupita ndi mwini dzinalo kapena kalata yake.

Cholakwika chimene chimavutitsa ambiri ndi kufufuta eSIM m'foni yakale, kapena kugulitsa foniyo, yatsopano isanayambe kulandira mauthenga. Kufufuta sikuthetsa nambala, koma kumasiya munthu wopanda netiweki mpaka atakaonekera ku ofesi, zomwe zimapweteka kwambiri akakhala kunja kwa dziko. Nzeru ndi kuyamba waonetsetsa kuti foni yatsopano ikuimba ndi kulandira uthenga, kenako n'kufufuta zonse m'yakale isanapite m'manja mwa wina.

Ogula mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito ku Old Town mu Lilongwe, m'mashopu a mumsewu wa Malangalanga ndi pafupi ndi msika, ayenera kusamala mwapadera, chifukwa mafoni ofanana dzina amasiyana malinga ndi dziko limene anapangidwira kukagulitsidwa. Ma iPhone 14 ndi otsatira ake ochokera ku America alibe polowetsa kakhadi, pamene ambiri ochokera ku China amalowa makhadi awiri koma alibe eSIM, ndipo ena amabwera atamangiriridwa ku kampani yakunja moti amakana profile ya kuno. Kuimba *#06# wogula asanapereke ndalama kumathandiza, chifukwa foni yokhala ndi eSIM kawirikawiri imaonetsa nambala ya EID, ya manambala 32, pambali pa IMEI, ndipo pa iPhone gawo la About limasonyezanso ngati foniyo ili yomangiriridwa ku kampani ina.